Liwu Loti "Chithunzi": Mbiri Yake ndi Kagwiritsidwe Ntchito Kake m'Boma la Lundazi

1.0 Mawu Oyamba

Mawu ambiri okhudza ntchito yosindikiza mabuku ndi yojambula ndi makina analowa m'Chichewa ngati mawu obwereka. Tili ndi kamera, filimu, inki, pepala ndi ena otero, ndipo aliyense amawazindikira msanga kuti ndi alendo. Koma chinthu chenicheni chimene makinawo amatulutsa sitinachipatse dzina lobwereka. Timachitcha chithunzi, liwu lomangidwa pa tsinde limene makolo athu ankalidziwa kamera isanafike kuno. Cholinga cha pepala lino ndi kulondola mbiri ya liwu limeneli, kuona momwe tanthauzo lake linakulira, ndiponso kuunika mawu ena amene amapikisana nalo pakamwa pa anthu.

Tasankha boma la Lundazi m'dziko la Zambia chifukwa ndi malo amene ziyankhulo zingapo zimakumanirana. Bomali lili kumpoto kwa Chigawo cha Kum'mawa, pafupifupi makilomita 180 kuchokera ku Chipata, ndipo lachita malire ndi dziko la Malawi. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka, monga a m'dera la Mfumu Mphamba, koma kulinso Achewa a Mfumu Mwase. Chiyankhulo chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu za chigawochi ndi Chinyanja. Kuwonjezera apo, amuna ambiri a kumeneko anagwirapo ntchito ku migodi ya mkuwa, kumene Chibemba ndicho chinali chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 2018 maboma a Chasefu ndi Lumezi anapatulidwa ku Lundazi, koma m'pepala lino dzina la Lundazi likuimira dera lonse monga linalili kale, popeza mbiri imene tikukamba ndi ya dera lonselo.

Mfundo yathu ndi yakuti tanthauzo la liwuli linakula m'magawo, ndipo gawo lililonse linabwera ndi chinthu chake cha m'mbiri: mabuku a amishoni, kamera ndi nyuzipepala, maulendo a ku migodi, ndiponso chitupa cha boma. Mphunzitsi kapena wolemba mtanthauziramawu amene sasamala za magawo amenewa amatha kuona cholakwa pamene mwana sanalakwe.

2.0 Tsinde la Liwuli

Tsinde loti -thunzi limapezeka m'mayina atatu a Chichewa. Loyamba ndi mthunzi, la m'gulu la Mu-Mi. Lachiwiri ndi chithunzi, la m'gulu la Chi-Zi. Lachitatu ndi chithunzithunzi, limene lapangidwa pobwereza tsinde. Tione zitsanzo izi:

(1) Tiyeni tikakambirane pamthunzi wa mkuyu uwo.
(2) Mwanayu akuthawa chithunzithunzi chake chomwe.
(3) Ndinangoona chithunzithunzi cha munthu chikudutsa kuseri kwa nkhokwe.

M'chitsanzo (1) mthunzi ndi malo, ndipo chofunika pa malowo ndi kuzizira kwake, osati maonekedwe ake. M'zitsanzo (2) ndi (3) chofunika ndi maonekedwe. Chithunzithunzi chili ndi mwini wake, chimafanana naye, chimagona pansi kapena pa khoma, koma sindicho mwiniwakeyo. Zinthu zimenezi ndizo zinachititsa kuti liwuli liyenere kutchulira nkhope ya munthu yooneka pa pepala.

Chitumbuka chinatsata njira yomweyi. Chili ndi muthuzi, chithuzi ndi chithuzithuzi. Kusowa kwa n m'mawuwa si ngozi. Pali lamulo lodziwika bwino lakuti m kapena n amene m'Chichewa amatsogolera f, v, s ndi z samveka m'Chitumbuka. Mchewa akati mfumu, mvula, nsomba, nzeru, Mtumbuka amati fumu, vula, somba, zeru. Chotero -thunzi ndi -thuzi ndi tsinde limodzi.

Ziyankhulo zina zinasankha njira zosiyana ndi imeneyi. Chizulu chili ndi umthunzi ndi isithunzi, koma liwu lachiwirili linapita ku tanthauzo la ulemu kapena kulemekezeka kwa munthu, ndipo chojambulidwa amachitcha isithombe. Chishona chimati mufananidzo, Chitonga cha ku Zambia chimati cifwanikiso, Chilozi chimati siswaniso, ndipo mawu onsewa achokera ku mneni wotanthauza kufanana. Chiswahili chinangobwereka picha kuchokera ku Chingerezi. Choncho panali njira zitatu: ya mthunzi, ya kufanana, ndi ya kubwereka. Chichewa chinali nawo mawu a njira yachiwiri, monga chifanizo, chifaniziro ndi fano, koma sichinawagwiritse ntchito potchula chojambulidwa ndi kamera. Chifukwa chake tichiona m'gawo lotsatira.

Nkoyenera kutchula kuti njira ya mthunziyi si ya Achewa ndi Atumbuka okha. William Henry Fox Talbot wa ku England, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa luso lojambula ndi kuwala, poyamba analitchula ndi liwu lomangidwa pa skia, liwu la Chigiriki lotanthauza mthunzi. Pofotokozera bungwe la Royal Society m'chaka cha 1839, iye ananena za lusoli ngati njira yogwira mthunzi kuti usachoke. Dzina limene linapambana m'Chingerezi ndi photography, limene John Herschel analimbikitsa, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ndi kuwala. Angerezi anakhazikika pa kuwala, ife tinakhazikika pa mthunzi, koma maganizo onse awiri analipo kuyambira pachiyambi.

3.0 Chithunzi cha M'buku: Nthawi ya Amishoni

Dera la Lundazi linalandira mabuku kuchokera mbali ziwiri. Kumpoto ndi kum'mawa kunali Mishoni ya Livingstonia, imene inayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Mishoniyi inali ndi makina ake osindikizira mabuku. Donald Fraser atakhazikitsa siteshoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, sukulu za mishoniyi zinafalikira kumadzulo mpaka kudutsa malire, ndipo Chasefu anakhala likulu la ntchitoyi m'dera la Lundazi. Chiyankhulo cha sukulu zimenezi chinali Chitumbuka. Chipangano Chatsopano m'Chitumbuka chinatuluka mu 1911, ndipo Baibulo lonse mu 1957.

Kum'mwera kunali Mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ku Mvera mu 1889 n'kufika ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903. Chiyankhulo chake chinali Chinyanja, ndipo buku lake lalikulu linali Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake yomasulira inatsogoleredwa ndi William Murray.

M'Baibulo limeneli muli umboni wofunika pa nkhani yathu. M'chaputala choyamba cha Genesis, pofotokoza kulengedwa kwa munthu, omasulira anagwiritsa ntchito liwu loti chifanizo. Zosemasema zopembedzedwa anazitcha mafano, ndipo nthano zophunzitsira anazitcha mafanizo. Koma pa Marko 12:16, pamene akukamba za nkhope ya Kaisara yodindidwa pa ndalama, anasankha chithunzithunzi. Tikuganiza kuti kugawa ntchito kotereku ndiko kunatseka njira ya kufanana. Mawu a tsinde la -fan- anasenza katundu wachipembedzo. Mkhristu wa nthawi imeneyo, amene ankamva ulaliki wotsutsa mafano sabata ndi sabata, sakanamasuka kunena kuti m'nyumba mwake wapachika fano la mkazi wake. Tsinde la -thunzi linalibe mlandu wotere.

Chitsanzo cha ndalamachi chikusonyezanso kusintha kwina. Chithunzithunzi cha m'chitsanzo (2) sichikhalapo mwini wake akachoka, ndipo munthu amakhala nacho chimodzi. Chithunzithunzi cha pa ndalama chimakhalapo mwini wake ali kutali, ndipo chimachuluka monga momwe ndalamazo zachulukira. Owerenga a 1922 sankafunika kufotokozeredwa zimenezi, chifukwa ndalama zasiliva zimene ankakhomera msonkho zinali ndi mutu wa Mfumu George V, amene sanamuonepo ndi maso. Apa ndi pamene liwuli linalowa m'ntchito yodinda ndi yosindikiza.

Chida china cha amishoni chinathandiza kulimbitsa tanthauzoli. Ichi ndi nyali yoonetsera zojambula za pa galasi, imene inkaponya maonekedwe a anthu pa nsalu yoyera usiku. David Livingstone anali nayo pamene anafika kwa Mfumu Shinde ya Alunda mu Januwale 1854, ndipo ataonetsa Abrahamu atanyamula mpeni kuti aphe Isake, amayi amene ankaonera anathawa. Amishoni ambiri obwera pambuyo pake anagwiritsa ntchito nyali zotere pophunzitsa nkhani za m'Baibulo. Chooneka pa nsalu mumdima, chosagwirika, chozimirira nyali ikazima, chinali pafupi kwambiri ndi chithunzithunzi cha m'chitsanzo (3).

4.0 Kamera, Nyuzipepala ndi Aneni Ake

Kamera inafika m'chigwa cha Zambezi ndi Shire pa ulendo wa Livingstone wa 1858, ndipo John Kirk anajambula malo ambiri pa ulendowo. Komabe kwa zaka zambiri chojambulidwa ndi kamera sichinkatheka kusindikizidwa pamodzi ndi malembo. Njira yake inafala m'zaka za m'ma 1880. Amisiri ankajambulanso chithunzicho kudzera m'galasi la mizere yopingasana, limene linkachiphwanya kukhala timadontho tating'onoting'ono, takulu pakuda ndi tating'ono poyera. Timadonthoto ankatizokota ndi asidi pa chitsulo chopyapyala, n'kuchikhomera pa thabwa kuti chifanane msinkhu ndi malembo a mtovu. Kuyambira pamenepo nkhope ya munthu inayamba kuyenda m'nyuzipepala ngati momwe mawu amayendera.

Ku Northern Rhodesia boma la atsamunda linayambitsa nyuzipepala ya Mutende mu 1936, imene inkatuluka m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zinayi za m'dzikomo, kuphatikizapo Chinyanja, mpaka 1952. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe losindikiza mabuku la mayiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Dziko litalandira ufulu, nthambi yofalitsa nkhani ya boma inkatulutsa nyuzipepala ya Chinyanja yotchedwa Tsopano. Olemba m'mapepala otere ankafunika liwu lalifupi loika pansi pa chojambulidwa, ndipo m'kupita kwa nthawi mawu awiri aja anagawana ntchito:

(4) Onani chithunzi chimene chili pa tsamba 12.
(5) Lipotili likupereka chithunzithunzi cha momwe ulimi unayendera.
(6) Khalidwe lotere likupereka chithunzi choipa cha sukulu yathu.

M'chitsanzo (4) liwu lalifupi likutchula chinthu cha pa pepala, chooneka bwino. M'chitsanzo (5) liwu lalitali lasunga kusaoneka bwino kwa mthunzi, ndipo likutanthauza kudziwa chinthu mwapatalipatali. Chitsanzo (6) ndi tanthauzo lobwera pambuyo, la mbiri kapena momwe anthu amaonera chinthu, ndipo limapezeka kwambiri m'chiyankhulo cha atolankhani. Malire pakati pa mawu awiriwa si olimba ngati mpanda, pakuti achikulire ambiri amanenabe chithunzithunzi potchula cha pa pepala, ndipo m'Chitumbuka chithuzithuzi ndi liwu lozolowereka pa tanthauzo limeneli.

Aneni amene amayenda ndi liwuli ali ndi mbiri yawonso. Woyamba ndi kujambula. Mneniyu amagwira ntchito zambiri: mwana amajambula nyumba ndi pensulo, wojambula amajambula mkwati ndi kamera, woimba amajambula nyimbo, ndipo kuchipatala amajambula mwendo wothyoka. Chomwe chimagwirizanitsa ntchito zonsezi ndi kutenga maonekedwe kapena mamvekedwe a chinthu n'kuwasunga pena. Chifukwa cha kutambalala kumeneku, atolankhani amakonda kunena kutola chithunzi pofuna kusonyeza kuti ndi ntchito ya kamera.

Mneni wachiwiri ndi kutsuka, amene m'Chitumbuka ndi kusuka. Kutsuka zithunzi kunali kutsuka kwenikweni. Filimu ndi pepala lojambulira zinkapakidwa mchere wa siliva umene umasintha ukaombedwa ndi kuwala. M'chipinda chamdima mmisiri ankaviika pepala m'mankhwala oyamba mpaka nkhope itatulukira, kenaka m'achiwiri oletsa kuti isapitirire kuda, kenaka m'achitatu osungunula mchere umene kuwala sikunakhudze. Pomaliza ankalitsukuluza m'madzi ambiri, chifukwa mankhwala otsalira amachititsa chithunzi kufiira ndi kufufuma pakapita zaka. Mwini chithunzi sankalowa m'chipindacho, koma ankaona mabeseni, madzi ndi mapepala oyanikidwa pa chingwe, ndipo anatchula ntchito yonseyo ndi gawo limene analiona. Lero chithunzi chimachokera m'foni n'kutuluka m'makina opopera inki, popanda beseni kapena madzi, koma anthu amanenabe kuti akukatsukitsa zithunzi za ukwati.

Mneni wachitatu ndi kusindikiza, amene tanthauzo lake loyamba ndi kukanikiza chinthu pa chinzake kuti chisiye chizindikiro. Apa pali kusiyana kumene womasulira ayenera kusamala nako. Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu limodzi loti print pa ntchito ziwiri, koma Chichewa chimazisiyanitsa:

(7) Ndatsukitsa chithunzi cha agogo kuti ndichipachike pabalaza.
(8) Asindikiza chithunzi cha agogo m'nyuzipepala.

Chotsukidwa ndi cha mwini wake, chimodzi kapena zingapo, chosungidwa m'nyumba. Chosindikizidwa ndi cha anthu onse, chochuluka, choyenda ndi malembo. Womasulira amene angalembe kusindikiza paliponse pamene waona print adzataya kusiyana kumene eni chiyankhulo anakuona kukhala kofunika.

5.0 Chikope: Liwu la ku Migodi

Migodi ikuluikulu ya mkuwa inayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933 ndi Nchanga mu 1939. Amuna ochokera m'madera onse a dziko, kuphatikizapo Lundazi, anapita kumeneko kukafuna ndalama za msonkho ndi za malowolo. Chiyankhulo chowagwirizanitsa chinali Chibemba cha m'tauni, chimene Mubanga Kashoki anachifotokoza m'kafukufuku wake wa 1972.

Chibemba chinatsata njira ya kubwereka. Liwu lake la chithunzithunzi cha munthu ndi icinshingwa, koma chojambulidwa ndi kamera chimatchedwa icikope, ndipo mneni wake ndi ukukopa. Mawu onse awiri achokera ku liwu la Chingerezi loti copy. Kwa munthu wochokera kumudzi, tauni ndiyo inali malo a kamera. Kumeneko ndiko ankavala jekete n'kukaima pamaso pa wojambula kuti atumize umboni kwawo wakuti ali moyo ndipo zikumuyendera. N'chifukwa chake mneni woti kukopa, pa tanthauzo la kujambula ndi kamera, analowa m'Chinyanja cha m'matauni a Zambia, ndipo anthu oyendayenda pakati pa tauni ndi mudzi amafika naye kwawo, pamodzi ndi foto ndi sinapu.

Vuto ndi lakuti mawu amenewa anapeza eni malo atakhala kale. M'Chichewa chikope ndi khungu lophimba diso, ndipo kukopa ndi kunyengerera kapena kuchititsa chidwi. Tione ziganizo izi:

(9) Chikope changa chatupa.
(10) Chikope changa chatayika.
(11) Mnyamata uja anamukopa mtsikanayo pamsika.

Chiganizo (9) n'chomveka kwa Mchewa aliyense. Chiganizo (10) n'choseketsa kwa munthu wa ku Kasungu, koma n'chomveka kwa amene anakhalapo ku Kitwe kapena ku Ndola. Chiganizo (11) chili ndi matanthauzo awiri osiyana kwambiri. Kwa wina mnyamatayo wangojambula ndi foni yake, kwa wina wayamba nkhani imene ingafike kwa ankhoswe. M'dera ngati la Lundazi, kumene omvera a mitundu yonse iwiri amakhala pa bwalo limodzi, kusamvana kotere si nkhani ya m'kalasi yokha. Womasulira pa bwalo la milandu amene sanafunsitse tanthauzo la mboni akhoza kulemba chinthu chimene mboniyo sinanene.

6.0 Chithunzi cha pa Chitupa ndi Nkhani ya Kalembedwe

M'nthawi ya atsamunda mwamuna aliyense wachikuda ankayenera kuyenda ndi chitupa, ndipo chinali chodedwa kotero kuti pa zipolowe za 1961 anthu ambiri anatentha zitupa zawo. Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, kunakhazikitsidwa lamulo la kalembera wa nzika, ndipo kuyambira 1965 munthu wofika zaka 16 anayamba kulandira chitupa chatsopano. Cha nzika ndi chobiriwira, ndipo chili ndi chithunzi cha nkhope pamodzi ndi chidindo cha chala. Kwa anthu ambiri a m'midzi, makamaka amayi amene sanapiteko ku migodi, uku kunali kuima pamaso pa kamera koyamba.

Ku Lundazi nkhaniyi inali ndi kulemera kwake. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire, ndipo anthu amadutsa pa chipata cha Lusuntha kupita ku Mzimba kukachita maliro, maukwati ndi malonda. Chiyankhulo sichingasonyeze kuti uyu ndi wa dziko liti, chifukwa Chitumbuka ndi Chichewa zimayankhulidwa mbali zonse. Chimene chinayamba kusiyanitsa anthu ndi pepala lokhala ndi nkhope. Dziko la Malawi linachita kalembera waukulu wa zitupa za unzika mu 2017, patapita zaka zoposa 50. M'gawo ili la mbiri yake, chithunzi chinasanduka umboni. Kale chithunzithunzi chinkadalira mwini wake kuti chikhalepo, koma pa windo la banki kapena pa malo oponyera voti mwini wake ndiye amadalira chithunzi kuti avomerezedwe kuti ndi iyeyo.

Malire omwewo anagawanso kalembedwe ka liwuli. Makope akale a Buku Lopatulika amene ambiri tinakula nawo ankalemba c pamene lero ku Malawi timalemba ch. Ku Malawi Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe loona za Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe a 1973 anakhazikitsa ch. Ku Zambia Unduna wa Maphunziro unatulutsa mu 1977 kalembedwe kovomerezeka ka ziyankhulo 7, ndipo m'Chinyanja unasunga c. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Lundazi amaona cithunzi m'buku la kusukulu, chithunzi m'buku lochokera ku Malawi, ndiponso cithuzithuzi kapena chithuzithuzi m'mabuku a Chitumbuka a kutchalitchi. Onsewa ndi liwu limodzi lovala malaya anayi.

7.0 Zofunika kwa Aphunzitsi ndi Olemba Mtanthauziramawu

Mfundo za chiyankhulo chophunzitsira ku Zambia zakhala zikusintha. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, ndipo mu 2014 boma linayambitsa ndondomeko yophunzitsa makalasi anayi oyambirira m'ziyankhulo za m'dziko. Pa kusintha konseku, chiyankhulo cha m'dziko chimene mwana wa Chigawo cha Kum'mawa amalemba pa mayeso ndi Chinyanja, ngakhale kwawo atayankhula Chitumbuka. Choncho mphunzitsi wa ku Lundazi amakumana ndi mawu onse amene takambawa m'makope a ana ake. Tikupereka maganizo anayi.

Choyamba, mwana akalemba cithuzi m'malo mwa cithunzi, mphunzitsi asangodula mzere wofiira. Mwanayo sanaiwale lembo mwaulesi, koma watsata lamulo la chiyankhulo chake. Njira yabwino ndi kulemba pa bolodi mawu awiriawiri, somba ndi nsomba, vula ndi mvula, fumu ndi mfumu, thuzi ndi thunzi, kuti mwanayo aone yekha lamulolo. Akaligwira, wakonza mawu ambiri nthawi imodzi.

Chachiwiri, cikope pa tanthauzo la chojambulidwa asatchedwe liwu lopanda pake. Mwana auzidwe kumene linachokera, kumene limamveka, ndi chifukwa chake silifunika m'chimangirizo cha Chinyanja cha mayeso. Mwana amene wauzidwa kuti liwu la agogo ake ndi lopusa amaphunzira kukhala chete m'kalasi, ndipo kukhala chete kumeneko n'kovuta kuchiza kuposa liwu lolakwika.

Chachitatu, olemba mtanthauziramawu asanje matanthauzo a liwuli motsata mbiri yake. Ntchito yolemba mabuku otere ndi yakale. David Clement Scott anatulutsa lake la Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929, ndipo Likulu la Kafukufuku wa Ziyankhulo ku Yunivesite ya Malawi linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Amene adzapitirize ntchitoyi aike poyamba tanthauzo la mthunzi wa munthu kapena chinthu, kenaka la chojambulidwa ndi manja kapena chodindidwa, kenaka la chojambulidwa ndi kamera, ndipo pomaliza la m'maganizo monga m'zitsanzo (5) ndi (6). Pa chikope ndi kukopa alembe mawu awiri osiyana, lakale ndi lobwereka, ndipo asonyeze dera limene lobwerekalo limamveka.

Chachinayi, liwu la dzina lisalembedwe popanda aneni ake. Wophunzira chiyankhulo amene wadziwa chithunzi koma sakudziwa kusiyana kwa kutola, kutsuka ndi kusindikiza sangathe kulankhula ndi wojambula wa pa boma la Lundazi, ngakhale atakhoza mayeso.

8.0 Mawu Omaliza

Pepala lino lasonyeza kuti chithunzi ndi liwu lakale limene linapatsidwa ntchito zatsopano pang'onopang'ono. Linayamba ngati mthunzi wokhala ndi maonekedwe a mwini wake. Omasulira Baibulo analigwiritsa ntchito pa nkhope yodindidwa pa ndalama pamene mawu a kufanana anali atatengedwa ndi chipembedzo. Kamera ndi nyuzipepala zinalifupikitsa ndi kulipatsa aneni ake, ndipo chitupa cha boma chinalisandutsa umboni wa unzika. Ku Lundazi liwuli limakhala pamodzi ndi m'bale wake wa Chitumbuka ndiponso ndi mlendo wochokera ku migodi, ndipo lililonse mwa mawuwa lili ndi chifukwa chake chokhalira pamenepo.

Ntchito imene yatsala ndi yosonkhanitsa mawu a amisiri enieniwo. Ojambula amene ankayenda pa njinga m'midzi ndi kamera za filimu, ndiponso amene ankasanja malembo a mtovu m'nyumba zosindikizira za mishoni, akukalamba. Iwo ali ndi mayina a zida ndi a magawo a ntchito yawo amene sanalembedwe m'buku lililonse. Ophunzira a m'nthambi za ziyankhulo za mu Africa, a ku Malawi ndi a ku Zambia, angachite bwino kukhala nawo pansi ndi kulemba mawuwo eni ake akadali ndi moyo.